Mkazi Salowa Kudambwe

Ndinadzuka kusanache, nthiti zikuwawa chifukwa chogona pasimenti. M'nyumba ya malemu akulu anga, ba Esnati, ku Mtendere, azimayi tinagona mothithikana, mipando yonse titaitulutsira panja. Amuna anali mutenti atazinga mbaula, pakuti mphepo ya Julaye sinali yamasewera. Usiku wonse sipanamveke nyimbo ndi imodzi yomwe. Munthu amene anaimba m'chigwirizano cha amayi a mpingo kuyambira ali mtsikana, pamaliro ake panali zii.

Mlandu wake unali satifiketi. Ba Esnati ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika, koma ana atakula analembetsa maphunziro amadzulo a satifiketi ku yunivesite, a mbiri ndi chikhalidwe cha kwathu ku Chigawo cha Kummawa. Ankaphunzira zosakaniza: nthaka, zinenero, nyimbo, mipingo, mmene makolo athu anafikira kumeneko. Ife tinkawaseka kuti akufuna kukhala pulofesa wa salaula, iwo n'kumangoseka nawo. Ulendo wina kalasi yonse inapita ku Katete kukaonera gule wamkulu pabwalo, ndipo anajambulitsa gule akuvina kumbuyo kwawo. Atamwalira, chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka chinafika kwa akulu a mpingo. Iwo anagamula kuti ba Esnati analowa kudambwe, kumalo obisika a zinyau, choncho saikidwa m'manda atavala yunifolomu ya chigwirizano, ndipo kwaya isaimbe.

Mkazi kulowa kudambwe! Ngakhale mwana wa ku Katete amadziwa kuti mkazi sapondako. Koma akulu a mpingo athuwa anabadwira mu Lusaka momuno, kumudzi amangomvera kwa anzawo. Ndinali nditawafotokozera, koma munthu akavala jekete samva za mkazi wogulitsa tomato ngati ine.

Kutacha tinasonkha moto kuseri n'kutereka nyemba ndi kabichi m'migolo. Anthu anayamba kufika, a kumsika, achibale a ku makomboni a Chawama ndi George, komanso anzawo a m'kalasi, ena Abemba ena Atonga. Amayi a chigwirizano anabweranso, koma atavala zitenje wamba, n'kukakhala kumapeto ngati alendo. Ambiri mwa iwo ba Esnati anawachezerapo usiku wonse pamaliro a abale awo. Sindinawapatse moni, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ine ndi azakhali athu tinapita ku mochale kukasambitsa thupi. Yunifolomu ndinainyamula ndithu, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, nditaisita bwinobwino. Ba Esnati ali m'chipatala anandiuza ndi pakamwa pawo kuti ndidzawaveke imeneyo, ndipo ine ndinalonjeza. Pakhomo pa mochale tinapeza mkulu wa mpingo ataima ngati mlonda. Anati tikangowaveka, ngakhale pemphero la kumanda sapereka. Azakhali anayamba kulira, nati mwana wa mlongo wawo asatayidwe ngati galu. Ndinagonja. Tinawaveka diresi la buluu limene ankapita nalo kumaukwati.

Kutchalitchi sitinadzereko. Lole ndi maminibasi zinalunjika kumanda, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Anthu m'mbali mwa msewu ankaima n'kumatiyang'ana, kudabwa kuti ndi maliro anji oyenda osaimba.

Kumanda mkulu uja anawerenga mbiri ya malemu mothamanga ngati akuthawa mvula: kubadwa, ukwati, ana, matenda. Za sukulu anazilumpha dala. Ndinayang'ana amayi apampando a chigwirizano. Ba Esnati ankapita kunyumba kwawo kukawafunsa mmene chigwirizano chinayambira mu Mtendere, poti ndiyo nkhani imene analemba pomaliza maphunziro. Amayiwo ankadziwa bwino zimene mnzawo ankaphunzira. Anangoweramitsa mutu. Anyamata anayamba kukwirira, ndipo ankamveka ndi mafosholo okha.

Tinabwerera kunyumba, tinasamba m'manja pageti, anthu anadya n'kubalalika. Dzuwa likulowa, tenti itaphwasulidwa, amayi apampando aja anafika okha n'kugwada pakhomo. Anandiuza kuti pa nthawi ya chakudya, bambo wina wokalamba wa ku Chadiza anawaseka akulu a mpingo pamaso pa anthu, kuwafunsa kuti dambwe lolowa akazi analiona kuti. Zimene ine ndinanena osamveka, atanena mwamuna zinamveka. Akuluwo anakhalanso pansi n'kukambirana.

"Manje bakamba ati vinthu vinalakwika chabe," anatero amayiwo. "Ba Esnati bavomerezedwa kuvala yunifolomu."

"Zikomo, bamayo," ndinayankha. "Mafosholo yali kumbuyo kwa nyumba. Tengani."

Anadzuka osatsazika. M'nyumba munatsala ine ndi ana a ba Esnati, ndipo palibe amene anayatsa magetsi.