Buku Lachiwiri la a Nkhoma

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mnzanga wa kukwaya. Iye ankasamukira ku banja, ndiye anandisiyira mpando wake pa chipatala china cholipira pa Kasungu Boma. Ndinkalandira makhadi a sikimu, aja olandirira chithandizo osalipira pawindo. Ndinkayerekeza chithunzi ndi nkhope, kudinda fomu, kenako kupititsa buku la wodwala kwa adokotala.

Tsiku loyamba asisita Mwale, omwe ankatiyang'anira, anandichenjeza kuti, "Kuno khadi limodzi limachiza mudzi wonse. Muzitsegula maso." Ndinawatseguladi mpaka kunyanya. Aliyense ndinkamuona ngati wakuba.

Omwe ndinkawakayikira kwambiri anali a Nkhoma a ku Mtunthama, mlangizi wa zaulimi yemwe anapitiriza sikimu yake atapuma pantchito m'boma. Ankabwera mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Potulutsa buku m'chikwama ankayamba andipatsa msana. Tsiku lina ndinaona kangodya ka buku lachiwiri. Mumtima ndinati eya, mkuluyu akutengera wina mankhwala, kapena akugulitsa kwa matenanti a m'minda ya fodya. Sindinawafunse. Ndinkafuna kudzawagwira ndekha kuti asisita andiyamikire.

Mmawa wina wotentha mu Okutobala, a Nkhoma anatsika kabaza, kufika pawindo langa, n'kungoti khu! pasimenti. Anzanga akuwanyamula, ine ndinathamangira chikwama chija. Zimandichititsa manyazi mpaka lero: munthu ali gone, ine kalikiliki kufuna umboni.

Mabuku onse awiri anali a dzina lawo. Lachiwirilo linali la kuchipatala cha boma. Asisita atawatsegula pamodzi anagwira pakamwa. Kuboma a Nkhoma ankalandira mankhwala otsitsa magazi, kwathu ankalandiranso, ndipo ankamwa onse, mpaka magaziwo anatsika mopitirira muyeso.

A Nkhoma atatsitsimuka, asisita anawafunsa, "Bambo, bwanji simunatiuze?"

"Amayi, sikimu ya munthu wopuma imauma chaka chisanathe, ndiye kuboma sindingatayeko. Ndimaopa kuti mukadziwa mundifufuta, akubomanso akadziwa anena kuti ndine wa pulayiveti. Nanga poti mapilitsiwo ngosiyana mtundu, ndimayesa ngosiyananso ntchito."

Pamenepo ndinamvetsa za msana uja. Iwo ankabisa poopa ine, ndipo maso anga aja ndiwo ankawawonjezera mantha. Buku lija ndinali nditaliona miyezi inayi m'mbuyomo.

Asisita analumikiza mabuku awiriwo ndi sitepula, adokotala n'kuwasiyira mankhwala a mtundu umodzi wokha. Kuyambira pamenepo, wopuma pantchito aliyense ndimayamba ndamufunsa kuti, "Buku la kuboma mwabwera nalo? Tulutsani, pano sitifufuta munthu."

A Nkhoma magazi awo anakhazikika, koma pogwa paja anathyoka m'chiuno. Njinga yomwe ankapalasa kumudzi anaisiya, amayendera ndodo. Ikamagogoda pakhonde lathu ndimaizindikira ndisanadzutse mutu, ndipo ndimadziwa kuti ndikanangofunsa, ndodoyo sikanakhalapo.