Piyano ya ku Chintheche, ndamupeza amene anaipanga

Ada, lero ndakukumbukirani. Mdzukulu wanu Tiyanjane anajambula zilembo zofufutika zija za m'kati mwa piyano ya kutchalitchi, n'kufufuza pa foni. Akuti inapangidwa ku Scotland ndi bambo wina ndi ana ake awiri, m'kanyumba kakang'ono. Kampaniyo inatsekedwa kalekale, palibenso woti n'kumufunsa.

Ndakumbukira tsiku lija mutangotuluka m'ndende, zala zikunjenjemera moti simukanathanso kuyimba piyano. Munanditengera kutchalitchi, n'kutsegula chivundikiro cha piyanoyo, n'kunena kuti, "Mwana wanga, amene anapanga chinthu ichi anali ndi khutu. Ndikanakonda kumudziwa." Ndinati, "Bwanji osalemba kalata kunja, Ada?" Munayang'ana kukhomo kaye, kenako munayankha motsitsa mawu, "Kalata yopita kunja masiku ano? Ukufuna adzanditengenso?" Munakhala pampando wa piyanoyo mpaka dzuwa kupendeka, osakhudza kalikonse. Simunalembe mpaka Mulungu anakutengani.

Pano chiswe chadya miyendo yonse ya piyano ija, ndipo akulu a mpingo akufuna kuitulutsa. Andifunsa ine poti ndine mwana wanu. Ndatopa, Ada. Ndangowauza kuti adikire mvula ithe, koma chimene ndikudikira sindikuchidziwa. Pumulani mumtendere.