Bizwell ndi Mathiredi Makumi Asanu

Bizwell anabadwira ku Biriwiri, koma khasu silinamukonde. Anayamba ndi kukonza mafoni pa Lizulu, kenako anagula laputopu yakale n'kudziphunzitsa yekha Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Kalabu ya alimi a kachewere inamupatsa udindo wotumizira mamembala mauthenga a pafoni: lole ya ogula ibwera tsiku lakuti, kumbani. Udindowu ndiwo unkamupatsa ulemu pamsika.

Pulogalamu yakeyo inali yochedwa. Inkatumiza uthenga umodzi, n'kudikira netiweki iyankhe, kenako wina. Alimi mazana anayi, maola awiri.

Msuweni wake Malita atabwerako ku koleji ku Blantyre, anasuzumira pa laputopuyo n'kuseka.

"Asuweni, mukukumba nokha munda wonse aganyu alipo? Igaweni ntchitoyi m'mathiredi."

"Iwe, ndinakuphunzitsa kuyatsa foni ndine."

"Eya, ndiye lero ndabwera kudzathokoza."

Anamuonetsa mathirediwo: tiantchito khumi m'pulogalamu imodzi, kena kakamadikira netiweki, tinzake tikutumiza. Mphindi khumi ndi ziwiri, basi. Wapampando wa kalabu anaomba m'manja n'kufunsa Malita ngati wapeza kale ntchito.

Funso limenelo linamusowetsa mtendere Bizwell. Lachiwiri anafufuta zonse za Malita n'kulemba zake, mathiredi makumi asanu, kuti amupose. Mu za Malita zija munali kamzere kena kotchedwa loko, kochititsa tiantchitoto kutenga manambala a mafoni a alimi mosinthana. Iye anati n'kochedwetsa, anakasiya.

Mauthenga anatha m'mphindi ziwiri, koma tiantchito tija tinalimbirana mndandanda umodzi. Alimi ena analandira kanayi, ena osalandira n'komwe. Lachisanu lole inabwerera yosadzaza, kachewere wa mabanja ambiri akadali m'nthaka.

Pamsonkhano wapampando anafunsa, "A Bizwell, chinachitika n'chiyani?"

Asanayankhe, Malita anaimirira. "Wolakwa ndine, bambo. Sindinawafotokozere bwino za loko."

Anthu ananong'onezana moyamikira, ati mwana waulemu. Bizwell anangoti zyoli, mumtima akuti bola Malitayo akanamunyoza. Komiti inagamula kuti pulogalamu azilemba Malita, Bizwell azingoiyatsa.

Mpaka lero amaiyatsa Lachiwiri lililonse, maso ali pa wotchi, kudikira tsiku limene idzalephere. Sinalepherebe.