Malaya a Apongozi Anga

Nditamaliza maphunziro a unamwino ku Chipata ndinakhala pakhomo nthawi yaitali, mpaka ananditumiza kukakiliniki ka ku Zemba komwe anzanga ankakana. Ine ndinavomera msanga, poti ndi kwawo kwa amuna anga.

Ondiyang'anira anali a Sisita Mbewe, mayi wosaseka wamba. Ankati munthu akasweka nkhope tisamangoyang'ana magaziwo, chifukwa chimene chathyola nsagwada sichilephera kuthyola khosi kapena nthiti. Anandipatsanso sizasi yoti izikhala m'thumba.

Tsiku lina masana a Sisita ali kuboma, anthu anabwera ndi bambo atamunyamula pachitseko. Ngolo ya thonje inali itamugubuduzikira. Nditayandikira, ndinamuzindikira. Anali apongozi anga aamuna, munthu amene ndimamupatukira panjira ndipo sindinadyepo pamaso pake.

Nsagwada inali itapotoka, diso latupa, kuyankhula osatheka. Ndinachotsa magazi m'kamwa, nkuwatsamiritsa khosi ndi matawulo opinda kuti lisagwedere. Onse ankalirira nkhopeyo. Koma mtima wawo unkagunda mothamanga, BP ikutsika, manja ali zii. Magazi a kunkhope anali ochepa kuti afooketse munthu chotero. Magazi ena ankatayikira kwina, pansi pa malaya.

Nditatulutsa sizasi, apongozi aakazi anandigwira mkono. "Mayi, mwaiwala kuti awa ndi ndani? Dikirani mwamuna abwere."

Mwamuna wodziwa ntchitoyi panalibe. Ndinkaopa kuti mudzi wonse udzanditcha wopanda mwambo, koma ndinkaopa kwambiri kuti afera m'manja mwanga. Ndinagwada nkunena kuti, "Bambo, mundikhululukire." Ndinadula malayawo.

Kumanzere, pansi pa nthiti, panali chidindo cha thabwa la ngolo. Mimba inali gwa. Ndinaika madilipi awiri nkuimbira ambulansi, ndikuwauza kuti vuto lalikulu si nkhope. Ku Chipata madokotala anapeza kapamba ataphulika, ndipo anayamba ndi opaleshoni ya m'mimba. Nsagwada anaimanga ndi waya pambuyo pake.

Kuyambira pamenepo, wosweka nkhope aliyense ndimamuona thupi lonse, kaya ndi ndani. Apongozi aakazi anatha miyezi osandiyankhula bwino. Aamunawo mpaka lero tikakumana ndimawapatukirabe, iwo nkuyang'ana kumbali monga kale. Malaya aja anawasoketsa, ndipo amawavala kutchalitchi msoko uli poonekera.