Mapadi Otchipa M'katoni Yotola

Ndiulule lero: ndinawanamiza a Ngozo, makaniko wanga wa pa Ntcheu Boma. Anandituma kukagula mapadi a mabuleki enieni, aja amakupatsa ndi lisiti kuti akavuta ukabweze. Nditamva mtengo wake, ndinakagula otchipa pamsika, n'kuwalonga m'katoni ya enieni yomwe ndinatola kuseri kwa shopu.

A Ngozo anangowayeza kulemera m'manja.

"Achimwene, katoniyi ndiye ndi yabwino. Koma mukamatsika chitunda mutapakira matumba a kachewere, galimoto siidzaima ndi katoni."

Ndinabwerera kushopu kuja nditazyolika, n'kukagula enieniwo. Ndimawathokozabe bambo amenewa. Mpaka lero sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga, amene amakhala mpando wakutsogolo tikamatsika chitundacho.