Mayi Ran, Wosesa Wowerenga Mizu

Mayi Ran ndinadana nawo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sindibisa, anayambitsa chidanicho ndine. Iwo ankasesa msewu wathu wa Opanga Maambulera, ine ndinkagulitsa tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya, pakona pa msewu womwewo. Tsiku lina fumbi la tsache lawo linagwera pa tofu wanga. Ndinawalalatira mpaka mawu kusasa, iwo anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kupitiriza kusesa. Kusayankhako ndiye kunandipweteka zedi. Ine ndikalalatira munthu ndimafuna abwezeko, kuti nane ndipeze poyambira.

Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa malaya abuluu omwewo chilimwe ndi chisanu chomwe. Kwathu kuno tikawiritsa mankhwala, zotsalira zake timakakhuthula pakati pa msewu m'mawa kuti odutsa aziponde, matenda achoke ndi mapazi awo. Osesa ena ankangokokolola akung'ung'udza. Mayi Ran ayi. Ankazisiya mpaka masana kuti zipondedwe, koma asanapitirire ankanjuta, n'kumatembenuza mizuyo ndi kamtengo, kununkhiza, kupukusa mutu kapena kugwedeza. Tinawapatsa dzina loti Nkhuku chifukwa cha kupalasako. Ndipo tonse tinkadziwa chinthu chimodzi: iwo eni ake sankaponda zotsalira za munthu aliyense, olo atakhala mwana wakhanda amene akudwala.

Zoti anabadwira m'mankhwala ndinadzazimva mochedwa. Bambo awo anali ndi sitolo kumtunda kwa mtsinje, khoma lonse madirowa okhaokha, lililonse ndi muzu wake. Nzeruzo ankaphunzitsa ana aamuna okha, amvekere mwana wamkazi akakwatiwa amapita nazo kwa eni. Ndiye mtsikanayo ankakhala kuseri akudula mizu, kwinaku alongo ake akukwapulidwa kutsogolo chifukwa cholephera kuloweza kuti chitsamba chotentha n'chiti, chofunda n'chiti, chozizira n'chiti, chowawa chimalowera kuti m'thupi, chotsekemera chimagwira ntchito yanji. Mmene alongowo ankamaliza kulira, iye anali ataloweza kale. Zitabwera zaka zachipwirikiti, pamene boma linkathana ndi zachikale zonse, sitoloyo inatsekedwa, mabuku anatenthedwa pabwalo, ndipo banja lonse linasanduka lonyansa pamaso pa anthu. Mayi Ran anapatsidwa tsache, ndipo sanalisiyenso.

Amuna anga, a Lou Dequan, ankawolotsa anthu pamtsinje. Chisanu cha chaka chakhumi ndi chiwiri cha chidani chathu chingwe cha bwato chinakodwa pansi, iwo n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno kukachikolola. Patangotha sabata anagona. Manja ndi miyendo zinali zii, nkhope itayera, m'mimba osagwira kanthu, mawu akuchita kumveka patali. Ndinaopa, anthuni. Ndinawaberekera kutsidya kwa a sing'anga a Meng, nkhalamba ina yaukali. Anaika zala zitatu padzanja lawo, n'kuwauza kuti atulutse lilime. Ine ndinayamba kufotokoza mmene zinayambira.

"Odwala ndinu kapena iwowa?" anandifunsa a Meng.

Mawu amenewo ndinawasunga mumtima. Anati kuzizira kwalowa mpaka m'kati, moto wa m'thupi ukuzilala. Analemba pepala: muzu wa fuzi, jinja wouma, khungwa la sinamoni, muzu wotsekemera. Fuziyo anati ndiziyamba ndamuwiritsa yekha nthawi yaitali chifukwa ndi waululu. Mapaketi asanu ndi awiri, kenako tibwerenso.

Pofika paketi yachisanu amuna anga anapempha phala la mpunga. Pa yachisanu ndi chiwiri anali akufunsa za bwato. Pepala lija ndinalipinda bwinobwino n'kuliika kuseri kwa chithunzi cha makolo. Kwa a Meng sindinabwerere. Mzere wake unkayamba m'mawa mpaka masana, komanso ndani amafuna kukakalipiridwa kawiri? Ndinkati chimene chawadzutsa ndi chomwechonso chiwasunge. Ndinalikopera pepalalo ndi dzanja langa, n'kumakagula lero sitolo iyi, sabata yamawa ina, kuti asandifunse zambiri. Chisanu chinatha, mitengo inaphuka, kunayamba kutentha, mphika wanga wadothi ukuwirabe tsiku ndi tsiku.

M'mawa wina ndikukhuthula zotsalira, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Make Lan, mankhwalawa akumwa ndani?"

Anali Mayi Ran, akundiitana ndi dzina la mwana wanga. Mawu awo oyamba kwa ine pa zaka khumi ndi ziwiri.

"Mphaka," ndinatero.

"Mphakayo ndamuona dzulo akupita kubwato. Milomo yang'ambika, maso ali psu. Mwezi wachinayi uno ndikusesa fuzi pakhomo panu."

"Ndiye tsache latopa?"

"Pepala limalembedwera munthu wa tsiku limenelo. Amene analemberedwa pepala lanulo anachira kalekale. Amene mukumumwetsa panoyu ndi wina."

"Achemwali, sesani msewu. Za m'nyumba mwanga zisiyeni."

Mawa lake nditatsegula chitseko ndinapeza zotsalira zanga zili pakhonde, zitayalidwa pa nyuzipepala, muzu uliwonse pamulu wake. Mwini ntchitoyo anali chilili pambali, atatsamira tsache.

"Uyu ndiye mfumu," anatero akuloza fuzi ndi kamtengo. "Jinja ndi khungwali ndi nduna zake. Kotsekemeraka n'kongowayanjanitsa kuti asapitirire muyeso. Anatumidwa kukamenyana ndi kuzizira, ndipo anakuthamangitsa. Tsono asilikali akasowa mdani, inu n'kumawathirabe m'nyumba, amamenya ndani?"

Ndinatenga nyuzipepalayo n'kuiponya mumsewu. Ndinakuwa kuti msewu wonse umve, kuti Nkhuku yayamba kutola mankhwala a anthu asanapondedwe, ikufuna matenda abwerere kwa amuna anga. Opanga maambulera anatulutsa mitu m'mawindo. Mayi Ran anatolera mizu ija umodziumodzi.

Chimene sindinauze munthu n'choti m'nyumba zinthu sizinali bwino. Amuna anga, munthu wofatsa ngati mwana, anayamba kupsa mtima ndi zazing'ono. Tulo ankasowa, madzi ankamwa ngati ng'ombe, kamfuno kankatuluka popanda chifukwa, ndipo ankati mtima ukuthamanga, milomo ikuchita dzanzi. Ine mwa uchitsiru wanga ndinati matenda akale aja akubwerera, n'kuwonjezera fuzi mumphika.

Ndinayamba kukakhuthula zotsalira ku msewu wa Osula, kumene kunkasesa munthu wina. Sizinathandize. Mawa lake zinali pakhonde panga, zitasanjidwa. Ndinakataya pafupi ndi mlatho, zinabweranso. Masiku asanu ndi anayi otsatizana mayi ameneyu ankamaliza msewu wake, n'kuzungulira tauni yonse kusaka mizu yanga, ndipo ankaidziwa pakati pa ya anthu ena onse. Tsiku lina anandiuza, "Fuzi wachuluka. Mwaonjezera ndi dzanja lanu." Ndinamenyetsa chitseko.

Tsiku lakhumi ndinabwera kuchokera kogulitsa n'kupeza pambaula palibe mphika.

"Bambo a Lan, mphika wa mankhwala uli kuti?"

"Anabwera kudzabwereka Mayi Ran."

"Inu n'kupereka?"

"Nanga mphika wa mankhwala amamana munthu?" anatero, atatsamira khoma, kansanza ka magazi kali pamphuno. "Anandiuzanso kuti nditulutse lilime. Ataliona anangoti, 'Ee.'"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mayiyu wandichenjerera. Mphika wa mankhwala wobwereka sabweza, kuopa kubwezera matenda kwa eni ake. Mwini wake ndiye amakautenga. Mupoto wachitsulo mankhwala sawiritsa. Ndikanatha kukagula mphika wina kumsika, inde, koma mkwiyo suganiza za kumsika. Ndinanyamuka ndi epuloni yanga yomweyo.

Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa kachisi wakale, kongokwana bedi ndi mpando. Ndinawapeza atakhala pabedipo, mphika wanga uli pamiyendo, ataugwira ndi manja onse awiri.

"Bweretsani mphika wanga, mayi wakuba inu."

"Ndikupatsani. Kutsidya, pakhomo pa a Meng."

"Kodi amuna anga ndi anu? Mwasowa chochita?"

"Anga ndinali nawo," anatero. "Anadwala chifuwa zaka zija. Palibe sing'anga amene analimba mtima kulowa m'nyumba mwathu, ndipo m'masitolo akandiona ankati mankhwala atha. Ndinkadziwa muzu umene unkafunika, dzina lake ndi muyeso wake womwe, koma wa kumapiri akutali. Ndinawiritsa timene ndinapeza m'mbali mwa mtsinje. Zotsalira ndinkakhuthula pamsewu ngati wina aliyense. Anthu ankalambalala ngati aona njoka. Masiku makumi anayi, palibe phazi ndi limodzi lomwe. Ataikidwa m'manda ndinalumbira kuti za munthu wina sindidzaponda."

Anasisita khosi la mphikawo ndi chala.

"Wanga ndinamuona akutha ndikudziwa chochita, koma wopanda pogwira. Wanuyu pogwira palipo, ndi kutsidya kwa mtsinje pompa. Nditukwaneni mmene mungafunire, make Lan, koma sindimuonerera."

Ndinachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha amene ndinakhala ndikuwabisa milungu yonseyo. Ndinakhala pampando paja n'kulira.

M'mawa mwake tinawoloka atatu. Bwato anapalasa mnzawo wa amuna anga, chifukwa iwo mphamvu zinali zitawathera. Mayi Ran anasiya msewu osasesa, koyamba chiyambire ntchitoyo. Ananyamula mphika m'khwapa ndi kamtolo ka nyuzipepala m'manja.

A Meng atagwira dzanja la amuna anga nkhope inasintha. Anaona lilime, lofiira ndi louma ngati nyama yoyanika. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndinati mapaketi angati?"

"Asanu ndi awiri, bambo."

"Mwamwetsa angati?"

Ndinawerama. Mayi Ran anamasula kamtolo kaja patebulo, mizu ya tsiku loyamba payokha, ya tsiku lomaliza payokha, kuti aone mmene fuzi anachulukira. A Meng anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Thupi lili ngati mphika," anatero. "Pansi moto, m'kati madzi. Ine ndinakoleza moto poti unali kuzima. Inu mwasonkhezera mpaka madzi aphwa. Milungu ina iwiri, mtima wa bamboyu ukanaima." Analoza mizu ija. "Wasanja izi ndani?"

"Ine," anatero Mayi Ran.

"Anakuphunzitsani ndani, mayi?"

"Palibe. Ndinkangodula mizu kuseri."

"Ngakhale woyamba uja wa m'nthano, amene akuti analawa zitsamba zonse ndi lilime lake, analibe mphunzitsi," anatero a Meng, akutenga cholembera. Ndinaona makutu a Mayi Ran akufiira. Nkhalambayo inalemba pepala latsopano, mapaketi atatu okha, ndipo inandiuza kuti ndikabwerenso nalo lakale lija ilitenthe yokha. Titatuluka panja, Mayi Ran anandipatsa mphika wanga monga analonjezera.

Amuna anga anachira pang'onopang'ono, ndipo anawolotsa anthu zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Koma m'mawa umene ndinakhuthula zotsalira za paketi yachitatu, zimenezo ndinali ndisanazidziwe. Ndinaima pakhomo mtima uli m'mwamba, kudikira tsache lifike.

Anabwera, ananjuta, anatulutsa kamtengo kawo. Muzu wakuda wonyowa, timizu toyera tonenepa, masamba a nsungwi. Ananunkhiza.

"Zozizira, zobwezera madzi," anatero. "Agona?"

"Agona mpaka dzuwa kutuluka."

"Kamfuno?"

"Lero ndi tsiku lachiwiri osatuluka."

"Mawa mubwerere kutsidya."

"Ndibwerera, achemwali."

Anagwedeza mutu n'kudzuka. Ndinkayesa apitirira monga mwa masiku onse. Koma anayedzamitsa tsache patebulo langa la tofu, limene ndinali ndisanapite nalo pakona, anayang'ana mulu uja kanthawi, kenako anakwezapo phazi. Anaponda ndi nsapato zawo zansalu zong'ambika zija, kupita uku, kubwerera uku, mwakachetechete, mpaka mizu yonse inaphwanyika n'kumatirira m'miyala ya msewu. Wopanga maambulera wa moyang'anana nafe anaima ndi nsungwi m'manja, kukamwa kuli yasa.

Atamaliza anatenga tsache lawo n'kuyamba kusesa pompo, ndipo fumbi lonse linagwera pa tofu wanga. Sindinanene kanthu.