Mpata Wachiwiri pa Fomu ya Mayi Msosa

Lachiwiri m'mawa, ndisanamalize n'komwe kumwa tiyi, foni inalira. Anali Mayi Msosa, aja ali ndi kashopu kokonza mipando ku Govanhill.

"Bambo Kachingwe, mwadzuka bwanji? Pepani ndakulawirirani. Paja inu simutaya pepala?"

"Sinditaya, mayi. Ngakhale tikiti ya basi imene ndinakwera tsiku lofika mu Glasgow muno ilipo."

"Ndiye bwerani ndi mafayilo a mpingo aja. Ndili ndi fomu pano yandizunguza mutu."

Ndinali mlembi wa komiti ya mpingo wathu kwa zaka zambiri, ndipo kope la pepala lililonse ndinasunga. Ana anga amandiseka, amati nyumba ya bambo ikadzapsa idzayaka sabata yathunthu. Asekeni. Ndinanyamula mafayilo awiri n'kukwera basi kuchoka kwathu ku Maryhill.

Nkhani yake ndi iyi. Ofesi ina ya boma mumzinda muno ikufuna munthu woti akutire nsalu yatsopano pa mipando ya m'nyumba zimene okalamba amakachezamo masana. Kwa kampani yaikulu ndi kantchito kongotola. Kwa mayi mmodzi ndi makina ake awiri osokera, ndi chakudya cha chaka chathunthu. Malamulo a kagulidwe ka zinthu za boma kuno amalimbikitsa maofesi kuti pa ntchito zazing'ono zotere aziitananso amalonda ang'onoang'ono a pafupi, osangothamangira makampani akuluakulu a ku England. Ndinawawerenga ndi pensulo m'manja. Sanena kuti wa kutali aletsedwe, ayi. Amangoti wa pakhomo naye amve kuti kuli ntchito, apikisane nawo. Umu ndi mmene kalata yoitana inawafikira Mayi Msosa.

Ndipo yawafikira pa nthawi yake. Mwini nyumba ya shopuyo wawauza kuti mwezi wamawa asaine pangano la zaka zitatu, apo ayi atuluke. Popanda ntchito yodalirika sangasaine. Akatuluka, makina agulitsa, n'kukayamba ntchito yosamalira odwala, kumanyamula anthu pabedi pomwe iwo eni mawondo awo ndi otupa.

Ndinawapeza atayala fomu pa tebulo lodulira nsalu, atayipsinja ndi lumo. Pachikwangwani panja pakadali dzina la amuna awo, malemu Bambo Msosa, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo. Malemu ndiwo anali oyankhula ndi makasitomala, mayiwa ndiwo anali osoka.

"Masamba onsewa ndadzaza," anatero. "Pandivuta ndi apa."

Tsambalo linkati: tchulani mabungwe kapena makampani awiri amene mwawagwirira ntchito yonga iyi m'zaka zitatu zapitazi, ndipo aliyense alembe kalata yokuchitirani umboni. Mpata woyamba unali wodzaza kale. Mayi wina wa ku Scotland konkuno, wogulitsa khofi pangodya ya msewu, anawapatsa mipando yake yonse chaka chatha, ndipo kalata analemba tsiku lomwelo atapemphedwa.

"Wachiwiriwu ndimati mpingo wathu. Taonani m'mabuku mwanumo, ntchito yomaliza tinagwira liti? Mwina ilowa m'zaka zitatuzi."

Ndinavala magalasi n'kuyamba kutembenuza. Makatani a muholo: zaka zisanu zapitazo, malemu adakali moyo. Sizilowa. Ndinapitiriza kutembenuza, ndikuyembekeza kupeza kena. Ndinapezadi kena, koma osati kamene ndimafuna.

Maminitsi a komiti, miyezi inayi malemu ataikidwa m'manda. Nkhani: makhushoni atsopano a mabenchi a mutchalitchi. Mkulu wina ananena kuti tifunse Mayi Msosa. Wina anayankha kuti mayiwa akadali pachisoni, tisawavutitse ndi ntchito. Komiti inagwirizana kuitanitsa makhushoni pa intaneti, kwa kampani ya ku England. Wovomereza ganizolo: Kachingwe.

Dzanja langa. Inki yanga.

Ndinafuna kutseka fayilo, koma mayiwa anali ataona kale.

"Musavutike, bambo, ndimadziwa. Si ndimakhalapo Lamulungu lililonse? Ndi ofewa ndithu."

"Mayi, ife timati tikukulemekezani."

"Ndikudziwa. Munabwera ndi shuga, ndi mafuta, ndi chipepeso. Sindinaiwale. Kungoti miyezi imeneyo ndinkabwera muno m'mawa uliwonse, n'kukhala pa mpando uwu, n'kumayang'ana makina. Munthu akanandipatsa ngakhale pilo woti ndisoke, bwenzi tsiku likufupika."

Anaseka pang'ono n'kuwonjezera: "Komatu ulusi wa azungu anuwo ndi wosalimba. Benchi lachitatu ndi lachisanu anayamba kalekale kumasuka. Loweruka tikamasesa ndimabwera ndi singano m'thumba."

Owerenga anzanga, mwamva? Kwa zaka ziwiri mayiyu wakhala akusoka mwakachetechete makhushoni amene tinakana kumupatsa kuti asoke. Palibe anamutuma, palibe anamulipira, palibe analemba m'buku. Ndiye pa fomu ya boma ntchito imeneyo kulibe.

Ndinaimbira wapampando wa komiti wa masiku ano, ndikumufotokozera. Yankho lake linali lofulumira.

"Aa, akuluakulu, vuto lili pati? Ingolembani kuti makatani aja anasoka chaka chatha. Ndani angabwere kudzanunkhiza makatani?"

"Achimwene, ine ndalemba maminitsi zaka zonsezi osasintha tsiku ndi limodzi lomwe. Ndiyambe lero, ndi imvi izi?"

Mayi Msosa, amene ankamva zonse, anapukusa mutu. "Auzeni ayi. Dzina la malemu lili pachikwangwani apo. Sindingalipachike pa bodza."

Lachitatu ndi Lachinayi ndinakhalira foni. Si ochepa Amalawi muno amene ali ndi makampani awo: wina ali ndi ofesi yolemba anthu ntchito, wina amakongoletsa maholo a maukwati, wina ndi mkulu wa bungwe la anthu a kwawo. Aliyense ndikangotchula dzina, mawu ake amodzimodzi.

"Mayi Msosa? Eee, manja agolide amenewo!"

"Ndiye munawapatsa ntchito liti?"

Apa aliyense ankayamba kupereka zifukwa.

Wina anati mipando ya muofesi mwake inabwera pa lole kuchokera ku Manchester. Wina anati nsalu zokutira mipando amaitanitsa ku London, chifukwa akwatibwi amakonda kumva kuti zachokera kutali. Wina anandiuza zoona, ndipo ndimuthokoza: "Bambo, munthu wakwanu ndi wovuta kuchita naye malonda. Akakutchulira mtengo ukuchita manyazi kukana, ntchito ikakhota ukuchita manyazi kudandaula. Bola mlendo."

Bola mlendo! Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ife tamva ngati anati lumo la pakhomo ndi lobuntha.

Chimene chandipsetsa mtima ndi ichi. Ife tomwe, m'magulu athu a pa foni, sitigona ndi kudzudzula. Tikamva kuti kwathu ku Malawi zinthu zimene mmisiri wa ku Ndirande angapange zaitanitsidwa kunja, timalemba mpaka zala kuwawa. Tikamva kuti kuno boma likuti ndalama za misonkho zizizungulira mumzinda momwemo, timaomba m'manja, timati awa ndiye anthu oganiza. Koma tatiyeni titsegule makabati athu. Malaya a kwaya anasindikizidwa kuti? Mapulogalamu a maliro aja? Keke ya ukwati wa mwana wanu inakwera sitima kuchokera kuti?

Ine sindikufunsa ngati munthu woyera. Fayilo yanga yomwe yandigwira.

Lamulo lija ndi labwino, ndipo amene analiganiza ndiwavulira chipewa. Ndalama ikapita kwa Mayi Msosa imagula siponji mumzinda muno, imalipira lendi mumsewu womwewo, imagwa m'mbale ya chopereka pa Sabata. Ikapita kutali yapita basi. Koma lamulo limangotsegula chitseko. Munthu akafika pakhomopo amamufunsa kuti, amene akukudziwa ndani? Ndipo sindiwaimba mlandu pofunsa, chifukwa ndalama ndi za anthu onse, sangazipereke kwa munthu wopanda mboni. Kampani yaikulu ili ndi makalata odzaza kabati. Wamalonda wamng'ono mboni zake ndi anansi ake. Nanga anansiwo akakhala anthu othokoza pakamwa pokha, ogula kutali, omvera chisoni mpaka kumulanda mnzawo ntchito?

Komabe dandaulo limodzi kwa olemba mafomu ndili nalo. Ngati mukufunadi amalonda ang'onoang'ono, bwanji mboni zikhale mabungwe okhaokha? Wamng'ono amayambira pa mpando wa munthu mmodzi. Ndinawalembera kuwafunsa ngati kalata ya munthu wamba ingaloledwe. Anayankha mwaulemu tsiku lomwelo kuti tikhoza kuiphatikiza, koma sangalonjeze kuti iwerengedwa mofanana ndi ya bungwe. Yankholo ndalisindikiza, lili mufayilo.

Choncho ndinakhala pansi n'kulemba kalata yanga. Ndili nayo ntchito ya mayiwa m'nyumba mwanga. Chaka chatha ndinawapititsira mpando wa malemu mkazi wanga, umene ankakhalapo pawindo akuluka. Nsalu yake inali itatheratu, koma ndinazengereza zaka kuti ndiisinthe. Mpando utabwerako unali ngati watsopano. Patapita masiku, ndikusesa, ndinaupendeketsa. Kunsi kwake ndinapeza kachigamba ka nsalu yakale ija, ka pamene dzanja la mkazi wanga linkatsamira, katasokedwa bwinobwino mbali zonse zinayi. Sindinawapemphe. Iwonso sanandiuze.

M'kalatamo ndinalemba tsiku, mtundu wa mpando, masiku amene ntchito inatenga, ndi kuti mpaka lero palibe ulusi wamasuka. Za kachigamba ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Ndinaganiza kuti anthu ofuna munthu wokonza mipando ya okalamba ayenera kudziwa zimenezo.

Lachisanu m'mawa tinatumiza fomu pa kompyuta ya mushopu. Mpata woyamba, dzina la mayi wa khofi. Kumapeto, kalata ya nkhalamba imodzi ya ku Maryhill. Mpata wachiwiri tinausiya wopanda kanthu.

Mayi Msosa anauyang'ana kanthawi asanadine batani.

"Ukuoneka ngati dzino loguluka," anatero.

"Pepani, mayi."

"Mwapepesa kokwanira, bambo. Imwani tiyi, akuzizira."

Kaya ntchitoyo aipeza, sindikudziwa. Akupikisana ndi anthu amene mipata yawo yonse ndi yodzaza. Kwa mlembi watsopano wa mpingo ndalemba kale kuti kukonza makhushoni kukhale ntchito yotumidwa, yolipidwa, yolembedwa m'buku. Koma zimenezo sizilowanso pa fomu ija, yapita. Ndipo mwini nyumba sadikira boma, akufuna yankho lake mwezi wamawa.

Ndiye inu amene muli ndi ofesi, inu a holo ya maukwati, inu a makomiti, taimirirani muyang'ane chimene mwakhalirapo. Ngati chang'ambika, basi yopita ku Govanhill mukuidziwa. Mukapita, musakapemphe mtengo wa pachibale, ndipo ntchito ikatha mulembe kalata, musaine, muike tsiku.

Boma la eni dziko lachita kulemba lamulo kuti likumbukire kugogoda pakhomo la mayi wamasiye wa ku Malawi. Kodi nafenso tidikire kuti wina atilembere lamulo?